Kupima Mpweya Wozinga Nyenyezi Zatsopano

Usiku wa m'nyengo ya cisanu, pamene kumwamba kulibe mitambo ndipo mwezi sunaturuke, Mlalang'amba uoneka bwino lomwe, utapingasa pamwamba pa mudzi ngati mseu woyera. Munthu akauyang'anitsitsa aona kuti m'kati mwace muli mawanga akuda, monga ngati nsaru yodyeka ndi njenjete. Ambiri ayesa kuti pa mawangapo palibe kanthu, koma si tero ai. Imeneyo ndi mitambo ikuru-ikuru ya mpweya ndi pfumbi, yokhala kutali koposa, ndipo ioneka yakuda cifukwa ichinga kuwala kwa nyenyezi za kuseri kwace. M'mitambo yotere ndimo mubadwira nyenyezi zatsopano.

Kabadwe kace nkotere. Zinthu zonse zokhala ndi kulemera zikokana, ndipo mphamvu yomwe igwetsa mango pansi ndiyonso isonkhanitsa mpweya wa mumtambo. Mbali ina ya mtambo ikakhala ndi mpweya wocuruka iyamba kukoka wa pambali pace, nikulira-kulira, kufikira pakati pace patentha ndi kuyamba kuwala. Pamenepo nyenyezi yabadwa. Koma si mpweya wonse umene ugwera m'kati. Mtambo uja ukhala uli kuzungulira pang'ono-pang'ono kuyambira kale, ndipo pofinyana uzungulira mofulumira ngati kabvumvulu. Cifukwa ca kuzungulirako, zotsala zonse zifalikira m'mbali nizisanduka cinthu cathyathyathya conga cimbale cacikuru, nyenyezi iri pakati pace. Zimbale zina nzotambalala koposa mtunda wocokera ku dzuwa kufikira ku Neptune.

M'cimbale comweco mupangika maiko ozungulira nyenyezi, amene achedwa mapulaneti. Dzuwa ndi nyenyezi, ndipo dziko lapansi ndi limodzi la mapulaneti ace 8. Onsewo anacokera m'cimbale cimodzi zaka pafupi-fupi 4,600 miliyoni zapitazo. Mjeremani wina wanzeru, dzina lace Immanuel Kant, analemba maganizo otere m'caka ca 1755, ndipo Pierre-Simon Laplace wa ku France anawalongosola mwa njira yace mu 1796. Awiriwa anangoganiza cabe. Cimbale sanacione ndi cimodzi comwe. Panapita zaka pafupi-fupi 200 telesikopu ya Hubble isanajambule zimbale zoonekeratu m'mtambo wa Orion, m'gulu la nyenyezi lija lokhala ndi nyenyezi zitatu zondandalikana, loonekera madzulo m'nyengo ya dzinja.

Cimbale citaoneka, panabuka funso lobvuta: kodi muli mpweya wolemera bwanji m'menemo?

Funsoli nlofunika cifukwa ca Jupiter. Pulaneti limeneli lilemera ngati maiko apansi 318, ndipo lokha lipambana mapulaneti ena onse a dzuwa atawaphatikiza kuwirikiza kawiri ndi theka. Mbali yaikuru ya thupi lace ndi mpweya. Akatswiri a nyenyezi ambiri aganiza kuti pulaneti lotere liyamba ngati nthongo ya miyala ndi madzi oundana. Nthongoyo ikafika pa kulemera kwa maiko apansi 10 kapena kuyandikira pamenepo, iyamba kumeza mpweya wa m'cimbale mwaumbombo. Tsono mpweyawo sukhalitsa. Wina ugwera m'nyenyezi, wina uuluzika ndi kuwala kwace koopsa, ndipo pakutha pa zaka 10 miliyoni zimbale zambiri zikhala zitazimirira. Kwa munthu imeneyo ndi nthawi yosaganizirika, koma pa moyo wa dzuwa iri ngati miyezi iwiri yokha pa moyo wa nkhalamba ya zaka 70. Nthongo ikacedwa kukula ipeza mpweya utatha, nikhala dziko la miyala lokha. Motero kucuruka kwa mpweya ndiko kulamula ngati nyenyezi idzakhala ndi mapulaneti akuru-akuru kapena ang'ono okha.

Akatswiri awiri, Stuart Weidenschilling wa ku America mu 1977 ndi Chushiro Hayashi wa ku Japan mu 1981, anayesa kuwerengera cimbale cimene cinabala dziko lapansi. Anatenga kulemera kwa mapulaneti onse, nawapera pa pepala ngati cimanga ku cigayo, nabwezeramo mpweya umene unatayika. Anapeza kuti cimbaleco sicikanacepera gawo limodzi la magawo 100 a kulemera kwa dzuwa, ndiko kunena maJupiter ngati 10. Kucokera pamenepo Jupiter wakhala ngati mwala wa pa sikelo popima zimbale zina.

Mpweya wosalankhula

M'mitambo ya pakati pa nyenyezi, pa magawo 100 a kulemera, gawo limodzi lokha ndilo pfumbi. Ena onse 99 ndi mpweya. Pa mpweyawo, magawo pafupi-fupi atatu a magawo anai ndi haidrojeni, mpweya wopepuka koposa wina uliwonse, ndipo wotsalawo pafupi-fupi wonse ndi heliyamu. Munthu wofuna kupima cimbale ayenera kupima haidrojeni. Apa ndi pamene pagona bvuto lonse.

Mlenje adziwa mbalame imene iri m'chire asanaione, cifukwa mbalame iri yonse iri ndi kaliridwe kace. Mitundu ya mpweya nayonso iri ndi mau ace. Mtundu uli wonse uturutsa kuwala kapena mafunde onga a wailesi a msinkhu wace-wace, ndipo makina akamva msinkhu umenewo akatswiri adziwa mwini wace. Koma haidrojeni wa m'malo ozizira angoti duu. Tizigawo tace tating'ono, tochedwa maatomu, tiyenda tiwiri-tiwiri, ndipo popeza tiwirito tifanana kotheratu, sitituruka liu lomveka kufikira titatenthedwa. Mbali yaikuru ya cimbale njozizira kwambiri, koposa malo ena ali onse a pa dziko lapansi. Heliyamu nayenso ali cete cimodzimodzi.

Ku bwalo la mfumu, mwini nkhani akakana kulankhula, akuru aitana mboni. Akatswiri a nyenyezi acita comweco: afunsa zinthu zina zokhala m'cimbale pamodzi ndi haidrojeni, zimene ziri ndi mau. Cobvuta ncakuti mboni iri yonse iri ndi pamene ibisa.

Khutu lalikuru lomvera mbonizi liri ku Chile, dziko la ku South America, m'cipululu ca Atacama. Dzina lace ndi ALMA, ndipo linatsegulidwa mu March 2013. Limeneli si khutu limodzi, koma malicero acitsulo 66. Mwa amenewa 54 ngotambalala mamita 12, ndipo ena 12 ngotambalala mamita 7. Anawakhazika pa cidikha ca Chajnantor, mamita 5,000 pamwamba pa nyanja, ndiko kukwera pafupi-fupi kanai kuposa Lusaka. Anasankha malowo cifukwa ngouma koopsa, pakuti cinyezi ca mumlengalenga cimeza mafunde ang'ono-ang'ono amene malicerowo afuna kumva. Licero limodzi lalikuru lilemera matani ngati 100, koma alinyamula pa galimoto lopangidwira nchito yomweyo, ndipo atha kuwamwaza mpaka ena atalikirane makilomita 16. Akatalikirana motero aona zinthu zazing'ono bwino koposa. Mu November 2014 ALMA inaonetsa cithunzi ca cimbale ca nyenyezi ya khanda yochedwa HL Tauri, cokhala ndi mizere yozungulira yowala ndi yakuda ngati mizere ya pa mphasa yoluka mozungulira. Kuwala kuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, ndipo kucoka ku dzuwa kufika kuno kutenga mphindi 8; koma kucoka ku HL Tauri kutenga zaka ngati 450.

Mboni yoyamba kufunsidwa inali pfumbi. Pfumbi la m'cimbale ndi timcenga, timwaye ndi timadzi toundana, ndipo ngakhale lizizire licita mafunde amene ALMA imva msanga, pa mphindi zowerengeka zokha. Mnyamata woweta akaona pfumbi liri kukwera kuseri kwa mitengo madzulo, atha kunena ngati ng'ombe zobwera kucokera ku dambo nzambiri kapena nzocepa. Akatswiri nawonso apima pfumbi, nacurukitsa ndi 100, nati kumeneko ndiko kulemera kwa mpweya.

Njirayi njapafupi, ncifukwa cace agwira nayo nchito pa zimbale mazana-mazana, koma njosadalirika. Ng'ombe zambiri zikayenda pa nthaka yonyowa sizibutsa pfumbi. M'cimbale, tipfumbi tigundana ndi kumamatirana, tisanduka timiyala, timiyala nitisanduka miyala. Ufa wodzaza dzanja ukawazidwa m'mwamba uoneka patali, koma mwala umodzi wolemera cimodzimodzi suoneka, pakuti zonse za m'kati mwace zabisika. Ndiponso timiyala tija tikokedwa ndi mpweya nititsetserekera ku nyenyezi, pamene mpweya uthawa mwa njira zace zina. Ciwerengero ca 100 ncoona m'mtambo nyenyezi isanabadwe. Palibe lamulo lakuti cikhale comweco patapita zaka mamiliyoni.

Mpweya wa makala

Mboni yaciwiri ana ambiri aidziwa mbiri yace yoipa. Mbaula ikayaka m'nyumba yotseka zitseko ndi mazenera, makala aturutsa mpweya wopanda pfungo umene upha anthu ali m'tulo. Dzina lace ndi carbon monoxide, ndipo akatswiri aulemba mwacidule CO. Mpweya womwewo ulinso pakati pa nyenyezi. Anaumva koyamba mu 1970 m'mtambo wa Orion. Maatomu ace awiri ngosiyana, imodzi ya kaboni, ina ya okosijeni, ndipo cifukwa ca kusiyanako CO alankhula mokweza ngakhale m'malo ozizira. M'mitambo mupezeka kagawo kamodzi ka CO pa tizigawo 10,000 ta haidrojeni. Tsono munthu akawerenga CO nacurukitsa ndi 10,000, ayenera kupeza haidrojeni.

Poyamba panali bvuto lakuti CO wamba ngwocuruka kotero kuti wa pamwamba pa cimbale achinga wa m'kati, monga mitengo ya m'mphepete mwa nkhalango ibisa ya pakati. Bvuto limenelo analigonjetsa pomvera mitundu yosowa ya CO, monga uja wokhala ndi okosijeni wolemerako, umene upezeka kamodzi pa 500 kapena kuposerapo pang'ono. Popeza ngwocepa, mau ace aturuka ngakhale kucokera pansi.

M'caka ca 2016 Megan Ansdell ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atapima ndi ALMA zimbale 89 za m'mitambo ya Lupus, imene iri pafupi ndi gulu la nyenyezi looneka ngati cinkhanira. Zotsatira zace zinali zodabwitsa. Zimbale zambiri zinaoneka zopanda mpweya wokwanira ngakhale Jupiter mmodzi, pamene nyenyezi zace zinali za zaka 1 miliyoni kufikira 3 miliyoni zokha. Koma mapulaneti akuru-akuru alipo ndithu pa nyenyezi zina. Loyamba kupezeka lozungulira nyenyezi yonga dzuwa, mu 1995, linali la mtundu womwewo. Nanga anapangika ndi ciani? Panali mayankho awiri. Mwina mpweya utha msanga koposa mmene anthu anali kuyesera, kapena mboni inali kunama.

Cikaiko pa CO cinali citayamba kale zaka zitatu m'mbuyo mwace, cifukwa ca nyenyezi ina yochedwa TW Hydrae. Cimbale cace ndi cimodzi ca zimbale za pafupi koposa, komabe kuwala kwace kuyenda zaka ngati 195 kuti kufike kuno. Kuwala kumene kufika masiku ano kunanyamuka Angoni a Zwangendaba asanaoloke Zambezi mu 1835. Ngakhale cinali pafupi cotero, akatswiri anasiyana kwambiri pa kulemera kwace: ena anati theka la Jupiter, ena anati maJupiter 60. Anthu awiri atapima thumba limodzi la cimanga, wina nati ndi kilogalamu imodzi, wina nati ndi makilogalamu oposa 100, palibe amene angagule pa sikelo zao.

Njere yofiira m'thumba la zoyera

Haidrojeni ali ndi mbale wace wolemerako, wochedwa deuterium. Ameneyu anapangika pa mphindi zoyambirira za cilengedwe conse, ndipo kucuruka kwace poyerekeza ndi haidrojeni wamba kudziwika bwino. Nthawi zina atomu ya haidrojeni igwirana ndi ya deuterium m'malo mwa inzace yofanana nayo, ndipo ziwirizo zichedwa HD. Popeza sizifanana kulemera, HD ali ndi liu, ngakhale nlaling'ono. Pa tizigawo ta haidrojeni pafupi-fupi 30,000 pakhala kamodzi ka HD. Ziri ngati thumba la cimanga coyera mmene mwasakanizika njere zofiira, imodzi pa 30,000 ziri zonse. Wowerenga zofiira adziwa zoyera osaziwerenga. Ubwino wa mboni imeneyi ngwakuti ndi wa banja lomwelo: kumene haidrojeni apita, HD apitanso, ndipo cisanu ca m'cimbale sicimuundanitsa.

Koma liu la HD silifika pansi pano. Ilo ndi kuwala kosaoneka ndi maso, kwa mtundu wa kutentha kumene munthu amva pa nkhope akayandikira moto, ndipo cinyezi ca mumlengalenga cikumeza konse, ngakhale pa Chajnantor pomwe. Pafunika telesikopu ya kunja kwa mlengalenga. Maiko a ku Ulaya anaponya yotere mu May 2009, yokhala ndi kalilole wotambalala mamita 3.5, naikhazika makilomita 1.5 miliyoni kutali ndi dziko lapansi. Anaicha Herschel, pokumbukira William Herschel, amene anatulukira kuwala kwa mtundu umenewu mu 1800, ndi mlongo wace Caroline, amenenso anali katswiri wa nyenyezi.

Edwin Bergin wa ku yunivesite ya Michigan ndi anzace analozetsa Herschel ku TW Hydrae, namva HD. Mu January 2013 analengeza kuti cimbaleco cilemera maJupiter 50 kapena kuposa. Nyenyeziyo iri ndi zaka zofika mwina 10 miliyoni, msinkhu umene zinzace zambiri zikhala zitataya zimbale zao, koma iyo inali ikali ndi mpweya wokwanira kubala mapulaneti akuru. Caka comweco Cécile Favre ndi anzace anayerekeza HD ndi CO m'cimbale comweco, napeza kuti CO anali wocepa kakhumi, mwinanso ka 100, kuposa mmene anayenera kukhalira. Mboni ija inagwidwa: haidrojeni analimo, koma CO ndiye anasowa.

Kodi anapita kuti? M'mawa wa mwezi wa June, udzu wa ku dambo nthawi zina uyera ndi cisanu. Cinyezi cimene cinali m'mwamba madzulo caundana pa masamba. M'cimbale, kutali ndi nyenyezi, kuzizira kufika madigiri 253 pansi pa pamene madzi aundana, ndipo pamenepo CO aundana pa tipfumbi. Ku dambo dzuwa likaturuka cisanu cisungunuka, koma m'kati mwa cimbale dzuwa silituruka. Tipfumbi tija tikula nitimira pakati peni-peni pa cimbale, titasenza CO wao. Wina asanduka zinthu zina zoundana msanga, ndipo wa pamwamba peni-peni aphwanyidwa ndi kuwala kwa nyenyezi. CO woundana alibe mau. Akatswiri anali kudziwa kale kuti wina aundana, nawerengera zimenezo. Cimene sanayembekeze ndi kucuruka kwa wosowayo.

HD nayenso sanathetse mlandu. Iye alankhula m'mbali zofunda za cimbale zokha, ndipo mau ace akwera kwambiri kutentha kukaonjezeka pang'ono. Munthu akalakwa pang'ono poyesa kutentha, alakwa kwakukuru pa kulemera. Mu 2017 Leon Trapman ndi anzace anabwereza kuwerengera TW Hydrae, napeza kulemera kosafika maJupiter 10. Kusiyana kunalipobe, koma sikunalinso kwa ka 100.

Cacisoni ncakuti khutu lomvera HD linagontha msanga. Makina a Herschel anayenera kukhala ozizira koposa, ndipo ankaziziritsidwa ndi heliyamu wamadzi, malita oposa 2,000, amene anali kuuma pang'ono-pang'ono. Pa 29 April 2013 anatha, miyezi itatu yokha citaturukire nkhani ya TW Hydrae. Pofufuza zimene Herschel inasiya, Melissa McClure ndi anzace anapeza HD m'zimbale zina ziwiri mu 2016, za DM Tauri ndi GM Aurigae. Zitatu zimenezi ndizo zasanduka miyala ya pa sikelo: njira yatsopano iri yonse iyesedwa pa izo.

Mmodzi wa oyesedwa motero ndi mpweya wina wosowa wolembedwa N2H+. Umenewu ndi CO sagonera nyumba imodzi, pakuti CO auononga akakumana nao. Kumene CO wacuruka, N2H+ acepa. Kumene CO waundana, N2H+ acuruka. Mai wa pamudzi akaona anapiye ace onse ali moyo mwezi wathunthu, adziwa kuti akabawi acepa m'dera limenelo, ngakhale sanawawerenge. Momwemonso cimbale cikakhala ndi mau ocepa a CO koma mau okweza a N2H+, akatswiri adziwa kuti mpweya ulimo, CO wangobisala. Mau a onse awiri akakhala ocepa, ndiye kuti mpweya watha zoona. Mu 2022 Trapman ndi anzace anayesa njirayi pa zimbale zitatu zija, ndipo mayankho ace anagwirizana ndi a HD. Ubwino wace waukuru ngwakuti ALMA imva mipweya yonse iwiri iri pansi pano.

Palinso njira imene siifunsa mboni konse. Mpweya wa m'cimbale uzungulira nyenyezi, wa pafupi mofulumira, wa kutali mocedwa, ndipo liwiro lace lilamulidwa ndi mphamvu yokoka ya nyenyezi, monga analongosolera Isaac Newton. Liwirolo limveka. Sitima ya pamtunda ikaliza mluzu iri kubwera, liu lace likhala lokwera, ndipo ikangopitirira liu litsika. Mau a CO acita cimodzimodzi, akwera ku mbali ya cimbale yobwera kuno natsika ku mbali yopita uko. Pa nchito iyi zilibe kanthu ngati CO ngwambiri kapena ngwocepa, malinga amveke. Tsono cimbale cikakhala colemera, naconso cikoka, ndipo mpweya wa m'mphepete mwace uthamanga koposa mmene nyenyezi yokha ikanauthamangitsira. Liwiro loonjezekalo ndilo liulula kulemera kwa cimbale conse, haidrojeni wosalankhula uja ali momwemo. Mu 2021 Benedetta Veronesi ndi anzace anapima motero cimbale ca Elias 2-27, cokhala ndi mikono iwiri yopotoka ngati cigoba ca nkhono, napeza maJupiter ngati 80, pafupi-fupi gawo limodzi la magawo 6 a nyenyezi yace. Njira imeneyi njokongola, koma igwira pa zimbale zazikuru ndi zolemera zokha. Sikelo yopimira matumba a cimanga siingapime kalata.

Zimbale 30

Palibe munthu angakhale ndi moyo zaka miliyoni kuti aone cimbale cimodzi ciri kukalamba. Koma mlendo wofika pa mudzi tsiku limodzi lokha atha kudziwa makulidwe a munthu poona makanda, ana oyenda ndi anyamata. Gulu la akatswiri a maiko ambiri, lotsogozedwa ndi Ke Zhang wa ku yunivesite ya Wisconsin, linacita zotere ndi ALMA pa nchito yochedwa AGE-PRO. Anasankha zimbale 30, khumi-khumi m'madera atatu oyandikana kumwamba, onse ozinga gulu lija la cinkhanira, limene lifika pa liwombo madzulo a mwezi wa July ndi nyenyezi yace yofiira ya Antares. Za ku Ophiuchus zinali makanda osakwana zaka miliyoni imodzi. Za ku Lupus zinali za zaka 1 miliyoni mpaka 3 miliyoni. Ndipo za ku Upper Scorpius zinali za zaka 2 miliyoni mpaka 6 miliyoni. Pa zimbale zokulirapo anamvera CO ndi N2H+ pamodzi.

Zotsatira zinaturuka mu 2025. Pakati pa makanda, cimbale ca pakati-kati cinali ndi mpweya wa maJupiter angapo, ngati 6. Ku Lupus cinali citatsika kale kufika pansi pa Jupiter mmodzi. Ku Upper Scorpius cinatsikanso, koma pang'ono pokha, kufika pa theka la Jupiter kapena kuceperapo. Ndiko kunena kuti mpweya utayika mofulumira pa ukhanda, kenaka wotsalawo ukhalitsa. Pfumbi silitsata mayendedwe omwewo, motero ciwerengero cija ca 100 cisintha ndi msinkhu wa cimbale. CO anali atabisaladi m'zimbale zambiri, ndipo kulemera kunakwera atamwerengera bwino. Komabe zimbale zambiri za ku Lupus zinakhalabe zopepuka.

Zimbale khumi pa msinkhu uli wonse nzocepa, ndipo zija za ku Upper Scorpius ndi zokhazo zimene zinapulumuka pamene zinzace zinazimirira kale, kotero siziimira zonse. Koma ngati zimene anapezazi zitsimikizika, pulaneti longa Jupiter liribe nthawi yozengereza. Liyenera kuumba nthongo yace ndi kuyamba kumeza mpweya m'zaka miliyoni imodzi kapena ziwiri zoyambirira, nyenyezi ikali khanda. Mapulaneti a miyala, onga dziko lapansi, atha kumangika pang'ono-pang'ono m'mbuyo mwace, cifukwa safuna mpweya wambiri.

Pa nyenyezi imodzi akatswiri apeza mapulaneti otere nchito iri m'kati. Dzina lace ndi PDS 70, ya zaka ngati 5 miliyoni, ndipo kuwala kwace kuyenda zaka 370 kufika kuno. Cimbale cace ciri ndi mpata waukuru pakati, ndipo mumpatamo anajambulamo pulaneti limodzi mu 2018 ndi laciwiri mu 2019, ndi telesikopu ina yaikuru ya ku Chile komweko. Onse awiri ngolemera kuposa Jupiter, ndipo akali kumeza. Haidrojeni pogwera pa iwo atenthedwa koopsa, naturutsa kuwala kofiira kumene makina aona. Ndi kuwala komweko kumene anapezera pulaneti laciwirilo. Mu 2021 ALMA inaonetsa poyera kuti pulaneti laciwirilo liri ndi kacimbale kace-kace ka pfumbi kolizinga, kokwanira kubala miyezi itatu yonga mwezi wa dziko lapansi.